Jombo za Trofim

Mphekesera inayambira pa sitolo ya ku Plopari, ndipo pofika Pasaka inali italowa kale ndi m'tchalitchi momwe: akuti tanti Frosia, kapena kuti azakhali Frosia, akufuna mwamuna. Chaka chisanathe n'komwe chiikireni mwamuna wawo, badea Trofim, m'manda, iwo ayamba kale kusuzumira amuna. Ndiye kusuzumira kwake osati kumaso ngati anthu ena onse, koma kumapazi. Dalaivala wa minibasi ya kulikulu, ku Chisinau, tanti Frosia anamufunsa saizi ya nsapato anthu onse akumva. Bambo wogulitsa gasi anamuimitsa pamatope dala, iye atachoka n'kuwerama kuyeza pamene anapondapo ndi chikhatho. Ngakhale wansembe sanamusiye, akuti pemphero lonse maso a tanti Frosia anali pansi pa mkanjo wake.

"Akufuna chimunthu chachitali ngati malemu aja," ankatero tanti Profira, amene nyumba yawo ndi yopenyana ndi ya tanti Frosia, komanso ndi amene ananyamula Lidia, mwana wa tanti Frosia, pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa amaitanana kuti kumatra. "Kumatra wangayu ndimamudziwa ine. Nanga alendo akunja amene wavomera kuwaphikirawa mukuyesa n'chifukwa chiyani? Wamva kuti kwawoko amuna amakula ngati mapolo a magetsi."

Tanti Frosia zonsezi ankazimva, chifukwa kwathu kuno mseche umachita kukupeza uli m'munda. Koma iwo si munthu wofotokozera anthu za mumtima mwake. Ankangomanga duku mwamphamvu n'kudutsa pasitolopo mutu uli m'mwamba, maso ali pansi pa mapazi a anthu.

Zoona zake zinali izi. Badea Trofim anali ndi mapazi amene sitolo iliyonse inawalephera. Jombo ankachita kumusokera mkulu wina wa kutawuni, ndipo zomaliza zinafika mwini wake atagona kale pamphasa ya matenda, sanazivaleko ngakhale kamodzi. Tsiku la maliro, anthu osambitsa mtembo mumpwirikiti muja anamuveka nsapato zakale za mlamu wake atazing'amba kuchidendene. Pambuyo pake tanti Frosia anapereka pomana monga mwa mwambo: malaya, chikhoti cha ubweya, kapu, bulangeti, mpaka mpando umene malemu ankakonda. Chimene wapereka kuno kwa munthu amene si m'bale wako, m'dzina la womwalira, n'chimene iye amalandira uko. Zonse zinapita. Jombo zokha zinatsala, poti chovala cha pomana chimafika ngati wolandirayo akuchivala. Ukachiika m'kabati, womwalirayo sapindula kanthu. Ndipo amuna aatali a ku Plopari onse ali ku Italy kumanga nyumba za eni ake. Otsalawa ndi tinkhalamba toti mapazi onse awiri angalowe m'jombo imodzi.

Kenaka chisanu chitafika pachimake, Trofim anayamba kuwabwerera kumaloto. Sankalankhula. Ankangoima pachitsime, m'chipale chofewa chofika m'maondo, n'kutulutsa phazi limodzi kuwaonetsa, lopanda kanthu, lobiriwira ndi kuzizira. Tanti Frosia anadzilonjeza kuti pa Pasaka wa akufa, tsiku limene mudzi wonse umakadyera kumanda, jombozo zituluka pamanda a mwamuna wawo zili m'mapazi a munthu wamoyo. Tsikulo likangodutsa, ndiye kuti Trofim ayendanso chisanu china chonse chosavala.

Kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, kunabwera Ruslan, mnyamata wa ku Chisinau wotsogolera alendo odzaona malo, wa ndevu zometa mochita kujambula. Analowa m'nyumba osavula nsapato n'kuyamba kuloza zinthu ngati wagula nyumbayo.

"Tanti, makina ochapirawa muwaphimbe ndi nsalu. Dishi ya TV ija padenga, kaya muikepo chiyani. Foni mubise. Ndipo muli ndi duku lina lothaitha? Ili likuoneka latsopano kwambiri."

"Ndi latsopanodi. Anatumiza Lidia."

"Ndiye vuto lake limenelo. Anthu awa achoka kutali kudzaona midzi imene dziko linaiiwala. Tikawaonetse makola akugwa a famu ya boma yakale ija, ajambule manda ali kumpanda, kenaka adzadye kuno. Inu mukamapereka chakudya muziusa moyo pang'ono. Mukanena kuti kale zinthu zinali bwino, ine nditanthauzira."

"Kale ndinkakama ng'ombe za boma manja akuchita kung'aluka. Iwe unali kuti?"

"Tanti, ndi ntchito chabe iyi. Chaka chino tikasangalatsa alendo, kampani izibweretsa basi mwezi uliwonse."

Tanti Frosia anayang'ana mapazi a Ruslan. Timapazi ta mwana wa sukulu. Anatsala pang'ono kumuonetsa khomo, koma anafunsa kaye.

"Alendo akowo, alipo aatali?"

"Ndi a ku Holland ambiri. Mmodzi wagunda kale mutu m'zitseko za mayiko awiri."

"Bwera nawo," anatero tanti Frosia.

Tanti Profira anali pampanda nthawi yonseyi, akuti ankafuna kubwereka sefa. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti wamasiye uja waitanitsa wamtali.

Tsiku la Pasaka wa akufa linacha bwino, mitengo ya zipatso itachita maluwa mbuu. Kumanda kunali kodzaza kuposa pamsika. Banja lililonse linali pa tebulo lake la pambali pa mtanda, atayala mataulo, mazira ofiira, buledi wopota, plachinta, buledi wopyapyala woika tchizi kapena kabichi m'kati, maswiti, ndi mabotolo a vinyo wapakhomo. Ana ankathamanga ndi matumba kutolera zopatsidwa. Wansembe ankayenda manda ndi manda, kuwerenga maina n'kuthira vinyo padothi. Amene anabwera kuchokera kunja ankadziwika ndi magalasi a dzuwa komanso kuyimika galimoto potsekereza anzawo.

Tanti Frosia anavala diresi yawo yabwino ndi duku latsopano lija. Jombo anazipukuta mpaka kuwala, anamangirira thaulo loyera, m'kati mwa imodzi anaikamo kandulo, pamwamba buledi. Anaziika pamtumbira wa Trofim n'kukhala pabenchi, maso kuchipata.

"Kumatra, mwatchena bwanji lero," anatero tanti Profira kuchokera pamanda a apongozi awo. "N'za malemu zimenezi kapena n'za amoyo?"

"Idyani dzira, kumatra, pakamwa papeze chochita."

Basi inafika dzuwa litakwera. Anatsika anthu ovala zipewa zofewa ndi mabuluku a matumba ambirimbiri, aliyense botolo la madzi m'manja ngati kwathu kulibe zitsime. Womaliza kutsika anachita kupinda msana pakhomo. Anali bambo wa imvi, wofiira khosi, dzina lake Wim, ndipo ataimirira bwinobwino amayi onse a mbali ya kuchipata anasiya kutafuna. Tanti Frosia nkhope yake sanaione n'komwe. Anaona nsapato: zikuluzikulu, zotuwa, za zingwe zofiira, ngati mabwato awiri.

Ruslan anawandandalika alendowo kumpanda n'kuyamba kulankhula Chingerezi akuloza uku ndi uku. Iwo ankajambula, ena akupukusa mitu mwachisoni poona anthu akuseka ndi kumwa pakati pa mitanda. Tanti Frosia anadikira pang'ono, kenaka anaona kuti Ruslan wayamba kuwalozera kubasi. Anadzuka, anadutsa pakati pa manda osapepesa aliyense, anatuluka pachipata, n'kugwira Wim pamkono wa malaya.

"Tiye kuno, bambo."

"Tanti, tanti, mukutani?" anatero Ruslan. "Pulogalamu ikuti kumpanda basi. Kumakola akutidikira."

"Akukudikira ndani, akhwangwala? Makolawo anagwa iwe usanabadwe, sathawa."

Wim anangotsatira, akumwetulira ngati ng'ombe yofatsa, ndipo anzake onse anamulondola ndi makamera. Tanti Profira anachita kukwera pabenchi kuti aone bwino.

Atafika pa mtanda wa Trofim, tanti Frosia anamuimika Wim mbali ina ya mtumbira, iwo mbali ina. Anayatsa kandulo, ananyamula jombo ndi manja awiri n'kumupatsira pamwamba pa manda.

"Za mzimu wa Trofim. Ruslan, muuze."

Ruslan anapukuta thukuta n'kulankhula kanthawi. Nkhope ya Wim inawala. Analandira jombozo, anazitembenuza, ananunkhiza chikopa, anzake akuti pha pha pha kujambula. Kenaka anatsegula chikwama chake chakumsana, anatulutsa jumbo yaikulu, n'kuyamba kuzikulunga mosamala ngati mazira.

"Akutani ameneyu?" anafunsa tanti Frosia.

"Akusunga bwino. Wasangalala kwambiri. Akuti akaziika pashelefu m'chipinda chochezera, pafupi ndi chipewa chimene anagula dzana."

"Pashelefu. Wamuuza chiyani iwe?"

"Tanti, musakweze mawu. Ndangoti ndi jombo za msilikali wa nthawi ya Soviet, ndipo inu mukupereka ngati chikumbutso. Amakonda zimenezo. Mukufuna ndimuuze kuti avale nsapato za munthu wakufa? Athawa onse, akalemba zoipa za kampani."

"Jombo zosokedwa chaka chathachi zakhala za msilikali? Trofim wanga woyendetsa thirakitala wamusandutsa chidole cha pashelefu?"

Anatambasula dzanja n'kukoka jumboyo. Wim, posadziwa kanthu, anagwiritsa mbali yake, ndiye kwa kamphindi anthu awiriwo ankalimbirana jombo pamwamba pa manda, buledi n'kugwera pamaluwa. Wina kumbuyo anaseka. Tanti Frosia anakoka kamodzi mwamphamvu za kumunda, jombo zinabwerera.

"Muuze zoona."

"Sindinena zimenezo," anatero Ruslan. "Ndipo mukapitiriza, nkhomaliro ya kwanu ija yatha. Basi sidzaimanso ku Plopari, tizipita mudzi wa kutsidya. Kumeneko agogo ake amamvera."

"Uzipita. Ukawauzenso aziusa moyo."

Apa m'pamene analowetsa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa foni ija anauzidwa kuti abise, yaikulu kuposa ya Ruslan yemwe. Anadina ndi chala chimodzi, ndipo posakhalitsa nkhope ya Lidia inatulukira, ali mu yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba ku Ireland kumene amagwira ntchito.

"Mama, ndili pantchito. Mwafika kwa atate? Ndionetseni mtanda."

"Uona bwino. Pano pali munthu wa mapazi a bambo ako, koma womasulira wake ndi wabodza. Umuuze zimene ndinene, usachotsepo kanthu, usakometsere."

Anaimika foniyo pamaso pa Wim, dzanja lili m'mwamba poti munthuyo ndi wamtali, n'kuyamba kulankhula mokweza kuti manda onse amve. Ananena za nsapato zong'ambidwa kuchidendene. Ananena za chitsime, chipale, ndi phazi lobiriwira lija. Ananena kuti ayang'ana mapazi a amuna onse a m'boma lino, mpaka a wansembe, ndipo palibe wokwana. Wansembe, amene anali manda achitatu kuchokera pamenepo, anayang'ana pansi pa mkanjo wake. Tanti Profira anatsika pabenchi pang'onopang'ono.

"Umuuze kuti sindikugulitsa, sindikupempha, ndipo sindine wosauka woti azindijambula. Akafuna avale pompano ayende nazo. Akapanda kufuna anene, palibe mlandu, ndikasaka wina. Koma pashelefu ayi. Trofim wakhala kale pamodzimodzi mokwanira."

Lidia anamasulira akupukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu. Wim anamvetsera mpaka kumapeto. Kumwetulira kuja kunatha. Anayang'ana Ruslan nthawi yaitali, Ruslan n'kuyamba kuwerenga maina a pamitanda ya eni ake. Mayi wina mwa alendowo ananong'oneza Wim kanthu akukwinya mphuno, ndipo tanti Frosia anaona kuti Wim akukayika. Ankayang'ana jombozo, n'kuyang'ana chithunzi cha Trofim pamtanda, n'kuyang'ananso jombo. Kenaka anafunsa funso.

"Akuti atate anafa ndi matenda opatsirana?" anatero Lidia.

"Mtima. Ndipo sanazivalepo, umuuze. Akaopa, aope mkazi wa Trofim, osati Trofimyo."

"Mama, zimenezo sindinena."

"Ndati usachotsepo kanthu."

Lidia ananena. Wim anaseka kamodzi, mwa m'mphuno, kenaka anakhala pabenchi ya Trofim, benchi n'kulira. Anamasula zingwe zofiira zija n'kuvula nsapato zake. Tanti Frosia anagwada osasamala diresi n'kumugwirira jombo yakumanja. Phazi linalowa lonse mosavuta. Linalowa mosavuta kwambiri, chifukwa atayimirira chidendene chinkati khwe khwe m'katimo.

"Zamukulira," ananong'ona tanti Profira, amene tsopano anali pafupi penipeni. "Mayo, ngakhale ameneyu zamukulira."

Tanti Frosia analowetsa chala kuseri kwa chidendenecho, chala n'kulowa chonse. Kenaka tanti Profira yemweyo anathamangira pamanda a apongozi awo, anafukula m'dengu la pomana yawo, n'kubwera ndi sokosi zaubweya zochindikala zimene analukira wansembe.

"Gwirani, kumatra. Abambo wansembe ali nazo zambiri."

Ndi sokosizo jombo zinagwira bwino. Wim anaponda kawiri, anazungulira mtumbira, chikopa chatsopano chikulira. Tanti Frosia anamupatsa buledi ndi kandulo, n'kumuuza kudzera mwa Lidia mawu amene wolandira pomana amayankha.

"Bogdaproste," anatero Wim, lilime likupunthwa pakati.

"Zamveka. Uko amva," anatero tanti Frosia, n'kumuthirira vinyo kapu yodzaza, wina n'kuthira padothi.

Aliyense ankayesa kuti zatha. Koma Wim atamwa anawerama kuti atole nsapato zake zija aike m'jumbo, ndipo anapeza phazi la tanti Frosia litaponda pa zingwe.

"Izi zitsala."

"Mama," anatero Lidia.

"Ndikuwadziwa amuna. Akangokhota pakona avula, abwerera ku zake zozolowera, Trofim abwerera m'chikwama. Mufunse ngati ali ndi zina."

Wim anati kuhotela ali ndi masilipasi okha.

"Basi. Izi zitsala."

"Tanti, uku ndi kuba tsopano," anatero Ruslan, mawu atabwerera. "Munthuyu ulendo wake ukadali wautali. Mawa tikukwera phiri kukaona nyumba ya amonke ya m'thanthwe, kenaka tiwoloka mtsinje wa Nistru, kenaka malire ena. Jombo zatsopano zimutupitsa matuza."

"Zimutupitsa masiku oyamba okha. Ndipo Trofim ankafunitsitsa kukaona amonke amenewo, thirakitala sinamupatse mpata. Apite akaone."

Lidia anamasulira zonse, za matuza zomwe. Wim anayang'ana nsapato zake pansi pa phazi la mayi wamfupi ameneyu, amene mutu wake sunkafika ngakhale pathumba la malaya ake. Anakanda khosi. Kenaka anapinda jumbo ija, anaibweza m'chikwama yopanda kanthu, n'kugwira tanti Frosia chanza. Anatuluka kumanda akuyenda ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, anthu akumupatsa mazira ofiira njira yonse mpaka matumba onse a buluku lija anapeza ntchito.

Nkhomaliro alendo anakadyabe kwa tanti Frosia, chifukwa anakana kukwera basi ndi njala, ndipo makola aja palibe anawafunsanso. Makina ochapira sanaphimbidwe. Tanti Frosia anachita kuwayatsa dala, akuti mataulo a kumanda sangadikire, ndiye anthu ankadya plachinta makinawo akugwedeza nyumba. Ruslan anadyera m'basi.

Kampani ija sinabwerenso, zimenezo Ruslan sananame. Basi imadutsa pamsewu waukulu kupita kutsidya, ndipo amayi ena amene ankayembekezera kugulitsa jamu ndi nsalu zopeta mpaka lero tanti Frosia samulonjera bwino. Koma tanti Frosia alibe nazo ntchito. Lidia anawatumizira chithunzi chimene Wim anatumiza: mapazi okhaokha, m'jombo zodzaza fumbi, pamwamba pa thanthwe, mtsinje uli pansi. Ndipo tanti Profira, amene tsopano amati ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi, akuti Trofim anabweranso kumaloto a tanti Frosia kamodzi kokha. Anadutsa pachitsime atavala jombo, ali pa liwiro, osapereka ndi moni womwe.

"Ndi yemweyo," anatero tanti Frosia. "Ali moyo ankateronso."

Koma mudzi sukhala opanda nkhani. Nsapato za Wim zija, za zingwe zofiira, tanti Frosia anaziika pakhonde, pafupi ndi chitseko, zoyang'ana m'nyumba ngati mwini wake wangolowa kumene. Aliyense wodutsa pamsewu amaziona. Anthu a midzi ina amene sanali kumanda tsiku lija ayamba kale kunong'ona kuti wamasiye wa ku Plopari akusunga mwamuna wakunja m'nyumba, wamtali moti satuluka masana. Tanti Profira anawapempha kuti azilowetse, ngakhale kuseri kwa chitseko chabe.

"Zili pakhonde langa," anayankha tanti Frosia. "Amene zikumuwawa abwere adzayese. Zikamukwana atenge."

Mpaka pano palibe wabwera, ndipo Loweruka lililonse iwo amazipukuta fumbi n'kuzibwezera pomwepo. Nanga inuyo, anthu atakunenani chaka chonse chifukwa cha mapazi a eni ake, mukanazichotsa pakhondepo?